Kiyibodi, mausi kapena padi: sitima ya makontena ikukana kundimvera padoko

Yamikani (Mabvuku):
Moni nonse am'gulu. Ndili ndi funso kwa inu amene mumasewera zoyendetsa sitima zapamadzi pa kompyuta. Ndaika Ship Simulator Extremes pa laputopu yanga, ija ya VSTEP ya 2010, poti ndi imene makina angawa akuikwanitsa. Pakati pa nyanja zonse zikuyenda bwino, koma ndikangolowa padoko la Rotterdam kapena Hamburg ndi sitima yaikulu ya makontena, mavuto amayamba. Ndikadina batani lakumanzere siikhota msanga, kenako imakhota mopitirira, ndikabweza imapitiriranso mbali inayo, mapeto ake ndi kugunda khoma. Ndasunga kandalama pang'ono. Ndigule padi (kachipangizo kosewerera kogwira ndi manja awiri), ndigule joystick (ndodo yowongolera masewera), kapena ndikhale pa kiyibodi ndi mausi pomwepa? Sindikufuna kutaya madola pa chinthu choti chizikangokhala m'kabati.

Tadala (Glen View):
Achimwene gulani padi basi. Kiyibodi imadziwa zinthu ziwiri zokha, kudina ndi kusadina. Kandodo ka padi mutha kukapendeketsa pang'ono kapena kwambiri, ndiye sitima imakhota molingana ndi chala chanu. Ndiponso padi yomweyo mudzaseweranso nayo mpira.

Chikondi (Chitungwiza):
Ayi Tadala, apa sindikugwirizana nawe. Zimene ukunenazo ndi zoona pa galimoto za mpikisano. Pa sitima kandodo ka padi kali ndi vuto limodzi lalikulu: ukangochotsa chala kamabwerera pakati kokha. Ulendo wa sitima ndi wautali, ungagwire kandodo malo amodzi osasuntha kwa mphindi 20? Chala chimatopa, chimanjenjemera, tsigiro nalo n'kumangovina. Ine ndimagwiritsa mausi. Pa sikirini pamakhala chiwongolero ndi ndodo ya injini, umakoka ndi mausi n'kusiya pamene wafuna.

Tadala (Glen View):
Koma mausi yomweyo ndi imene umayang'anira kumbali ndi kumbuyo. Ukamakocheza umafuna kuona khoma, nthawi yomweyo dzanja lili pa injini. Mausi imodzi singagwire ntchito ziwiri.

Chikondi (Chitungwiza):
Pamenepo wanena zoona. N'chifukwa chake dzanja lamanzere limakhala pa kiyibodi.

Mphatso (Epworth):
Ndikutsatira, nanenso vuto langa ndi lomweli.

aMbewe (Tafara):
Anyamata, ine ndimayendetsa thiraki msewu wa Beira, ndipo kunyumba ndili ndi chiwongolero cha Logitech G29 chomwe ndinagulira Euro Truck Simulator 2. Ndinachiyesa pa sitima. Kumva kukoma kwake m'manja palibe chofanana nacho, chifukwa chimazungulira madigiri 900 ndipo utha kupereka tsigiro pang'onopang'ono. Koma ndinene mosabisa: mtengo wake ndi wowawa, chimafuna tebulo lolimba lochimangirirapo, komanso chimafuna magetsi akeake a pakhoma. Magetsi akathima, laputopu imapitiriza pa batire koma chiwongolerocho chimangokhala. Kuno kwathu chimenecho si chinthu chochepa. Mwana wa sukulu sindingamuuze kuti agule chimenechi chifukwa cha sitima yokha.

Madala aPhiri (Mufakose):
Adzukulu anga andiwerengera zimene mukukambiranazi ndipo ndawauza kuti andipatse foni ndiyankhe ndekha. Masewerawa ndimangoonerera iwo akamasewera, koma sitima yeniyeni ndaigwirapo. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito m'sitima za katundu pa nyanja ya Malawi, tikunyamuka ku Monkey Bay, ndipo nditabwera kuno ku Zimbabwe ndinakhala zaka zambiri ku Kariba pa maboti a kapenta.

Yamikani mwana wanga, usanagule kanthu umve izi. Sitima yako ikumva ndithu. Chimene chikuchitika n'chakuti imayankha mochedwa, ndipo iwe ukuwonjezera lamulo lina loyamba lija lisanagwire ntchito. Galimoto imagwira pansi ndi matayala, ukapotoza imakhota pomwepo. Sitima ilibe chogwira. Tsigiro lili kumbuyo, ndipo ntchito yake ndi kukankhira mbuyo ya sitima kumbali. Ukafuna kupita kumanzere, mbuyo ndi imene imayamba kutayikira kumanja, mphuno n'kumatsatira pambuyo pake. Ikayamba kuzungulira siima chifukwa choti wabweza chiwongolero pakati. Kulemera kwake kumaipitiriza. Woyendetsa wodziwa amabweza tsigiro mphuno isanafike pomwe akufuna, kenako amapereka pang'ono mbali inayo kuti aphe kuzungulirako, n'kubwezanso pakati.

Chachiwiri, tsigiro limagwira ntchito ndi madzi amene akulikhudza. Ukazimitsa injini sitima ikuyenda pang'onopang'ono, tsigiro limafooka. Padoko timachita chonchi: tsigiro lonse mbali imodzi kaye, kenako kamoto kakafupi kakutsogolo, n'kuzimitsa. Madzi a pulopela amamenya tsigiro, mbuyo imasuntha, koma liwiro silikwera kwenikweni. Zimenezi ungazichite ndi chipangizo chilichonse chimene anzakowa akutchula.

Yamikani (Mabvuku):
Zikomo kwambiri madala. Ndiye kuti kiyibodi ilibe mlandu?

Madala aPhiri (Mufakose):
Ndikuuze chimene ambiri sadziwa. Sitima zazikulu zili ndi njira ziwiri zowongolera pa dzanja. Yoyamba ndi chiwongolero: ukachiika pa madigiri 10, tsigiro limapita pa 10 n'kuima pomwepo. Yachiwiri ndi kandodo kakang'ono kapena mabatani: ukakankha tsigiro limayenda, ukasiya limaima pamene lafika, ndipo umayang'ana wotchi yosonyeza madigiri kuti udziwe pomwe lili. Yachiwiriyi ndi imene amathawirako yoyamba ikavuta. Kiyibodi yakoyo ikhoza kugwira ntchito mwa njira yachiwiriyi, bola masewerawo asamabweze tsigiro pakati okha ukachotsa chala. Ndiye usaione yachabe.

Chikondi (Chitungwiza):
Madala afika penipeni. Yamikani, lowa mu settings, mbali ya controls, uone ngati pali posankha kuti tsigiro ndi injini zizikhala pomwe wazisiya. Zikamabwerera zokha ndiye kuti ukumenyana ndi masewerawo ulendo wonse. Chitsanzo chabwino ndi World of Warships ya Wargaming, yomwe inatuluka 2015. Mmenemo W ndi S sizigwiridwa nthawi yonse, umadina kamodzi injini n'kukwera sitepe imodzi: kotala, theka, makotala atatu, yonse. Q ndi E zimaika tsigiro pa sitepe n'kulisiya pomwepo, pamene A ndi D zimafuna kugwiritsitsa. Anthu miyandamiyanda amasewera chonchi popanda padi.

Tadala (Glen View):
Koma imeneyo ndi ya nkhondo, si simulator yeniyeni. Komanso imafuna intaneti nthawi yonse, mabandulo ake ndani angakwanitse?

Chikondi (Chitungwiza):
Sindikuti asewere imeneyo. Ndikunena kapangidwe ka mabatani. Masitepe a injini aja anatengera sitima zenizeni, kumene woyendetsa amatumiza lamulo la dead slow, slow, half kapena full, kutsogolo kapena kumbuyo. Si choncho madala?

Madala aPhiri (Mufakose):
Ndi choncho. M'sitima zakale belu linkalira kuchipinda cha injini, amakaniko n'kuyankha kuti amva, kenako n'kusintha liwiro ndi manja awo. Palibe amene ankasinthasintha moto sekondi iliyonse.

Nachisale (Highfield):
Ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Ine ndimakonza mafoni, mapadi ndi ma laputopu m'tauni, ndiye ndilankhule za zipangizozo mmene ndimazionera zikatsegulidwa.

Padi yambiri yotchipa ili ndi tizitsulo tiwiri pansi pa kandodo kalikonse, ma potentiometer, amene amayeza kupendekeka. Timeneti timaperepeseka ndi fumbi komanso kugwiritsa ntchito. Zikatero kandodo kamanena kuti kapendekeka pamene kali pakati. Pa mpira mwina simungazindikire msanga. Pa sitima, tsigiro likangokhala madigiri 2 kumbali kwa mphindi 10, mwachoka kale pa njira. Mankhwala ake oyamba ndi kukweza dead zone mu settings, ndiko kuti kachigawo kapakati kamene masewera samva kandodo kakasuntha pang'ono, koma mukaikweza kwambiri mwataya kufewa kuja kumene Tadala akukutamanda. Mapadi amene ali ndi Hall effect amayeza ndi maginito, palibe chokhulana, ndiye amakhalitsa, koma mtengo umakwererapo.

Chachiwiri ndi chinenero chimene padi imalankhula ndi Windows. Pali DirectInput, yakale, ndi XInput, imene inabwera ndi Xbox 360 mu 2005. Masewera ambiri akale a simulator amamva DirectInput. Padi ya Xbox ikalowa kudzera m'njira yakaleyi, mabatani awiri ofinya akumbuyo aja, LT ndi RT, amaonedwa ngati mzere umodzi. Kwa sitima ya injini imodzi sizoipa: RT kutsogolo, LT kumbuyo. Koma ya mainjini awiri simungapatse injini iliyonse batani lake. Logitech F310 ili ndi kaswichi kunsi kolembedwa X ndi D, mutha kusankha nokha, ndipo ndi ya chingwe, siifuna mabatire. Ngati mwatsimikiza za padi, imeneyo ndi imene ndingaloze.

Ndipo musapereke ndalama musanayese. Tengani laputopu popita kogula. Dinani batani la Windows ndi R, lembani joy.cpl, tsegulani properties. Muona kamtanda pakati pa bokosi. Padi ili patebulo, osaigwira, kamtandako kazikhala chete. Kakamanjenjemera kapena kakakhala pambali, ibwezeni pomwepo. Za m'mabokosi okongola zolembedwa mayina akuluakulu zadzaza m'tauni muno, zina mkati mwake ndi zopepuka zedi.

Mphatso (Epworth):
Achemwali, joy.cpl imeneyi sindinkaidziwa. Ndayesa padi ya mng'ono wanga, kamtanda kakungoyendayenda kokha.

Nachisale (Highfield):
Bwera nayo ndidzaione. Nthawi zina ndi fumbi chabe, kutsuka ndi mankhwala otsukira mawaya kumathandiza. Zikakanika timasintha kachitsulo konseko.

aMbewe (Tafara):
Nanga joystick ya ndege bwanji, mayi? Mnzanga wa ku Mutare ali nayo.

Nachisale (Highfield):
Pa zogula m'sitolo, imeneyo ndi imene ndimaiona yoyandikira sitima. Si chifukwa cha ndodo yaikuluyo ayi, nayonso ili ndi sipuling'i yobwezera pakati. Ubwino wake ndi kandodo ka moto kamene kamakhala patsinde. Logitech Extreme 3D Pro ili nako, Thrustmaster T.Flight Hotas ili ndi ndodo ya moto yaikulu yapayokha. Zimenezi zimakhala pomwe mwazisiya. Mukaika pakati pake kukhala ziro, kutsogolo ndi kupita, kumbuyo ndi kubwerera. Maso ali pa khoma la doko, dzanja likudziwa lokha pamene injini ili. Mausi singakupatseni zimenezo.

Palinso throttle quadrant ya Logitech, bokosi la ndodo za moto lopangira masewera a ndege, imene kale inali ya Saitek, yokhala ndi ndodo zitatu. Ziwiri mutha kupatsa mainjini, yachitatu chokankha mphuno cham'mbali, kapulopela kamene kamakankha kutsogolo kwa sitima kumanzere kapena kumanja. Chenjezo lake n'lakuti kachigawo kam'munsi, kodutsa pamene ndodo imakodola, si mzere woyeza koma batani chabe. Ndiye ziro wa sitima mumamuika pakati pa ulendo wa ndodoyo, n'kumatapo katepi kuti muzimuona.

Tadala (Glen View):
Ndikumva zonsezi koma padi ndisaitaye msanga. Pa maboti aang'ono othamanga, ndi ma tug okoka sitima, timitengo tiwiri ta padi n'tothandiza kwambiri. Ma tug ambiri amakono alibe tsigiro, ali ndi mapulopela awiri amene amazungulira madigiri 360, lililonse palokha. Kandodo kamanzere pulopela lamanzere, kakumanja lakumanja. Pa kiyibodi zimenezo zimafuna zala zambiri nthawi imodzi.

Chikondi (Chitungwiza):
Pa tug ndavomera. Komabe Yamikani wafunsa za sitima ya makontena.

Tadala (Glen View):
Komanso amene masewera ake ali pa Steam, sitolo ya masewera ya pa intaneti, Steam Input imakulola kusintha kandodo kuti kazidina mabatani a kiyibodi. Ukakakankha m'mwamba kamodzi, injini yakwera sitepe imodzi. Kunja kwa Steam kuli JoyToKey kapena AntiMicroX. Ndiye vuto la kubwerera pakati lili ndi njira yolizembera.

Chikondi (Chitungwiza):
Ukatero wagula padi kuti uisandutse kiyibodi, yomwe ali nayo kale.

Tadala (Glen View):
Koma wakhala pampando momasuka, laputopu walumikiza ku TV, kamera ukuitembenuza ndi chala chachikulu. Ulendo wa ola lathunthu utawerama patebulo, msana umadandaula.

aBanda (woyang'anira gulu, Dzivarasekwa):
Zokambirana zabwino izi, pitirizani. Chokhacho, amene akugulitsa zipangizo asaike mitengo ndi manambala a foni muno, alemberane kumbali. Madala aPhiri, ndakondwa kukuonani mukulemba. Tiuzeniko, sitima yaikulu imatenga mtunda wotani kuti iime? Ana akuona ngati masewerawa akukokomeza.

Madala aPhiri (Mufakose):
Sakukokomeza aBanda. Zimene ndinayendetsa ine zinali zazing'ono poyerekeza ndi za m'nyanja zamchere. Ilala yomwe tonse timaidziwa ndi ya mamita pafupifupi 52 okha. Inapangidwa ndi Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kuyamba ntchito mu 1951. Koma ngakhale imeneyo, mwera ukamaomba miyezi yozizira, kapitawo amayamba kuchepetsa moto doko likadali kutali. Ndipo malo ambiri, monga ku Likoma m'masiku athu, inkaponya nangula patali, anthu ndi katundu n'kumatsikira m'maboti aang'ono. Kuyandikiza chitsulo cholemera chotero kumtunda si masewera.

Mdzukulu wanga amene akuphunzira za uinjiniya ali pano, akuti awonjezere manambala.

Madala aPhiri (Mufakose):
Ndine mdzukulu wawo, ndikulemba pa foni ya agogo. Malamulo a IMO, bungwe la United Nations loona za sitima zapanyanja, amati sitima ikamathamanga n'kuika injini yonse kumbuyo, iime isanapitirire mtunda wokwana kutalika kwake ka 15. Ever Given, imene inatseka ngalande ya Suez mu Malichi 2021, ndi ya mamita 400. Ka 15 ndi makilomita 6. Pa kukhota, bwalo lake lisapitirire kutalika kwake ka 5. Ndipo lamulo la SOLAS, pangano la mayiko la chitetezo panyanja, limati makina a tsigiro azitha kulichotsa pa madigiri 35 mbali imodzi kufika pa 30 mbali inayo m'masekondi osapitirira 28. Ndiye ngakhale chala chanu chitathamanga bwanji pa padi, tsigirolo likhoza kutenga pafupifupi theka la mphindi kuti liwoloke.

Yamikani (Mabvuku):
Masekondi 28! Ine ndimadikira mwina atatu n'kuyamba kudina mbali ina.

Chikondi (Chitungwiza):
Ndiye taona, kufewa kwa kandodo si kumene kukusowa. Chofunika ndi chipangizo chimene chimasunga lamulo lako pamene ukudikira, ndi maso pa wotchi ya tsigiro ndi ya liwiro.

Mphatso (Epworth):
Funso langa ndi la liwiro. Ndikalowa padoko ndi ma knot 8 ndimaona ngati ndikukwawa.

Madala aPhiri (Mufakose):
Ndabweranso ndine. Mphatso, knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Ma knot 8 ndi pafupifupi makilomita 15 pa ola, liwiro la njinga yopalasa bwino. Tsono taganiza njinga yolemera matani masauzande ambirimbiri, yopanda mabuleki, ikulunjika khoma la simenti. Pofika pambali pa doko uzikhala pansi pa knot imodzi, ndipo mamita omaliza sitima izingosendera.

Chokankha mphuno cham'mbali chija nachonso chimagwira sitima ikamayenda pang'onopang'ono. Liwiro likakwera madzi amangokokolola mphamvu yake. Ambiri amachidina ali pa liwiro, n'kumati masewera awonongeka.

China choti muyese: sitima ya pulopela imodzi ikamabwerera m'mbuyo siyenda mowongoka. Zambiri pulopela yake imazungulira cha kumanja popita kutsogolo, ndipo ukaika kumbuyo mbuyo ya sitima imatayikira kumanzere, mphuno kumanja. Woyendetsa wanzeru amagwiritsa ntchito zimenezi, n'chifukwa chake sitima yotere imakocheza mosavuta ndi mbali yake yakumanzere. Pitani pamalo opanda kanthu m'masewera anuwo, imitsani sitima, ikani kumbuyo tsigiro lili pakati, muone ngati opanga anaikamo khalidwe limeneli. Mukaliona, masewerawo ndi aphindu.

aMbewe (Tafara):
Madala, ku Kariba maboti a kapenta mumawongolera ndi chiyani?

Madala aPhiri (Mufakose):
Aja ndi mathanki awiri achitsulo okhala ndi thandala pamwamba, injini ya dizilo, ndi ukonde wozungulira wotsitsa ndi chingwe. Ntchito yake ndi ya usiku, kuyatsa magetsi kuti kapenta asonkhane, n'chifukwa chake mwezi ukawala kwambiri sitinkasodza. Chiwongolero chake n'chosavuta, ndodo ya moto imodzi. Koma mphepo ikadzuka pa Kariba, boti lotere limatengeka cham'mbali chifukwa silizama kwambiri m'madzi. Pamenepo ndi pomwe ndinaphunzira kuyang'ana mphepo ndisanayang'ane doko. M'masewera anu ikani nyengo yabata kaye mpaka manja azolowere, mphepo mudzaiwonjezere pambuyo.

Mphatso (Epworth):
Kwa ife opanda ndalama ya Steam, pali ina yaulere?

Chikondi (Chitungwiza):
Bridge Command. Ndi yaulere, siilemera, ndipo ili ndi radar. Zithunzi zake si zokongola koma anaipangira kuphunzitsa kuyendetsa sitima. Imayenda ndi mausi ndi kiyibodi, joystick imalandiranso. Amene amakonda usodzi kuli Fishing: Barents Sea ya 2018 ndi Fishing: North Atlantic ya 2020, za Misc Games a ku Norway, koma zimenezo zimafuna makina amphamvuko. Ndipo kuli Sailwind, ya ngalawa za matanga, mmene umayenda m'ngalawamo n'kumagwira zingwe ndi chiwongolero ndi mausi. Mtundu wa masewera ndi umene umasankha chipangizo. Aliyense aone kaye chimene amasewera kawirikawiri.

Nachisale (Highfield):
Popeza nkhani yafika pa ndodo yokhala pomwe waisiya, ndinene njira imene ndimaikonda ine. Mutha kudzipangira. Zofunika ndi kabolodi ka Arduino Pro Micro kapena Leonardo, ma potentiometer a 10k olembedwa B10K, mawaya, chingwe cha USB ndi kabokosi ka pulasitiki kapena thabwa. Samalani pogula: Arduino Uno wamba sachita zimenezi mosavuta. Pro Micro ndi Leonardo zili ndi chip ya ATmega32U4, imene kompyuta imaiona ngati joystick mukangoikamo pulogalamu yake. Potentiometer iliyonse ili ndi miyendo itatu: wina ku 5V, wina ku GND, wapakati ku A0 kapena A1, malo olembedwa choncho pa kabolodiko. Kabolodiko kamawerenga kuyambira 0 mpaka 1023, masitepe ochuluka kuposa amene tsigiro la madigiri 35 mbali iliyonse lingafune. Imodzi muikepo chivundikiro chachikulu chozungulira, ndicho chiwongolero. Inayo muimangirire kandodo, ndiyo injini. Mphamvu imachokera ku USB ya laputopu, ndiye magetsi akathima ulendo ukupitirira.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mwana akapanga chimenechi waphunzira kuwotcherera mawaya, kuwerenga dera la magetsi ndi kulemba pulogalamu yaing'ono. Atsikana awiri a kutchalitchi kwathu ndinayamba nawo ndi zoterezi, pano akukonza okha machaja ndi mawailesi.

Tadala (Glen View):
Achemwali apa mwandigonjetsa, chimenecho ndikufuna kuchiona. Koma padi yanga ndisunga ya ma tug.

aMbewe (Tafara):
Amene ali kale ndi chiwongolero cha galimoto ngati ine, mu G HUB, pulogalamu ya Logitech, mutha kuchepetsa madigiri ozungulira komanso kufewetsa mphamvu yobwezera pakati. Ndikaichotseratu, chiwongolero chimakhala pomwe ndachisiya. Mapedulo ndimawasiya, chifukwa phazi silingaponde theka kwa ola lonse. Injini ndimaiyendetsa pa kiyibodi.

Yamikani (Mabvuku):
Ndabwera ndi lipoti. Usiku ndinatenga sitima yomwe ija, nyengo yabata. Tsigiro ndi injini ndimakoka ndi mausi pa sikirini monga ananenera achimwene a Chikondi, ndipo ndikapereka madigiri 10 ndimachotsa dzanja n'kuwerenga mpaka mphuno iyambe kuyenda. Moto ndinayamba kuchepetsa kutali kwambiri. Ndakocheza popanda kugunda, ngakhale sitima inaima mopingasa pang'ono, mbuyo ili kutali ndi khoma. Chimene chikundivutabe ndi chomwe ananena Tadala: ndikatembenuza kamera kuti ndione mbuyo, dzanja lachoka pa injini, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ndikuifuna kwambiri. Ndiye padi ndaiimika kaye. Ndikufuna ndodo ya injini yogwirika. Achemwali a Nachisale, kabokosi kaja ndikufuna tipange.

Madala aPhiri (Mufakose):
Mbuyo ikatsalira kutali, ponya chingwe chakutsogolo kaye ngati masewerawo alola, tsigiro ulipereke lonse mbali yosiyana ndi khoma, kenako kamoto kakafupi kakutsogolo. Mbuyo idzabwera yokha.

Mphatso (Epworth):
Nanenso mundiwerengere pa kabokosiko. Ndili ndi wailesi yakufa, ma potentiometer ake sangagwire?

Nachisale (Highfield):
Ya voliyumu nthawi zambiri siyenda mofanana, imayamba pang'onopang'ono kenako n'kulumpha, ndiye pakati pake sipakhala theka. Yang'ana kumsana kwake. Ikalembedwa B, monga B10K kapena B50K, bwera nayo. Ikalembedwa A isiye. Ndi mita tidzayeza kuti titsimikize.

Loweruka masana ndimakhala ndi mpata. Yamikani, bwera ndi laputopu ili ndi masewerawo kuti tiyesere pomwepo. Mphatso, bwera ndi padi ija ndi thabwa lopyapyala ngati ulipeza. Bolodi ndili nawo awiri, mudzabweza mtengo wake wokha. Malo ndikutumizirani kumbali.

aMbewe (Tafara):
Mayi, kandodo ka injini kakakhala kotalika sikazigwa kokha ndi kulemera kwake? Potentiometer ndi yofewa.

Nachisale (Highfield):
Kangagwe mukakamangirira pa potentiometer penipenipo, ndipo kangaithyolenso. Ndodoyo iziyenda pa bawuti yakeyake yodutsa m'matabwa awiri, pakati tiikepo mawashala a chikopa kapena labala ya chubu, n'kumanga nati mpaka ilimbe mokwanira kuima pomwe mwaisiya. Potentiometer imangolumikizidwa kumapeto kwa bawutiyo ndi kapaipi ka labala. Pa ziro tiboola kadzenje kosazama, n'kuika kampira ka bering'i kokankhidwa ndi sipuling'i ya bolopeni, kuti dzanja lizimva kugwera ndodo ikafika pakati. Amene ali ndi bering'i yakutha ya njinga abwere nayo.